Mwamuna Amene Ankalankhula M'masipika a Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili sitandade sikisi, pamene bambo anga anabwera ndi kompyuta kunyumba kwathu ku Chilobwe. Ankagwira ntchito ya ukalaliki pa fakitale ina ku Makata, ndipo mabwana atagula makina atsopano, akalewo anawagulitsa kwa antchito. Inali kompyuta ya chimutu chachikulu, yomwe kale inali yoyera koma inali itayamba chikasu ngati dzino la munthu wosuta fodya. Inabwera ndi timasipika tiwiri. Masiku amenewo mumzere wathu wonse munalibe nyumba ina yokhala ndi chinthu chotere, ndipo bambo sanali munthu wobisa madalitso. Waya wa masipikawo unali waufupi, choncho anakagula wina wautali kumsika, n'kulumikiza okha ndi tepi yakuda, n'kuukhomerera m'mbali mwa khoma ndi timisomali. Sipika imodzi inakhala pamwamba pa kabati, inayo pawindo loyang'ana kumsewu. Iwo ankati akufuna nyimbo zizimveka bwino m'nyumba. Ife tinkadziwa kuti akufuna zizimveka bwino kwa aneba.

Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo makalata ambiri a kutchalitchi ankalemba ndi iwo. Akaweruka kuntchito, asanavule n'komwe nsapato, ankayatsa kompyuta ija n'kuika nyimbo za kwaya, kenako n'kuyamba kutayipa ndi zala ziwiri. Nyimbo zinkalira mpaka nthawi ya chakudya. Ine ntchito yanga inali yopukuta fumbi pamakinawo Loweruka lililonse, ndipo pogwira ntchito imeneyi ndinazindikira kanthu kena. Masipika aja akakhala oyaka koma popanda nyimbo, sankakhala chete. Ukagunditsa khutu, unkamva kunong'ona, ngati anthu akucheza m'nyumba yachitatu kuchokera kwanu. Sindinauze munthu chifukwa sindinkaona chachilendo. Ndinkangoti umu ndi mmene kompyuta imaganizira.

Chaka chomwecho bambo aang'ono, a Zuze, anamwalira kumudzi kwathu ku Nsanje atadwala masiku ochepa. Anali mng'ono wawo wa bambo, ndipo anali atangokwatira kumene. Makolo anga anapita kumaliro n'kubwerako. Patangopita masiku pang'ono, m'mawa wina tinapeza mkazi wa malemuwo ataima pakhomo pathu, chikwama chimodzi pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Dzina lawo anali a Esnati, koma ine ndinkawaitana kuti amayi aang'ono. Anali atathawa kumudzi.

Chimene anathawa ndinachimvetsa bwino nditakula, koma ndichinene pano kuti nkhaniyi imveke. Kwathu kunali mwambo wa kulowa kufa. Mwamuna akamwalira, akuluakulu ankapeza mwamuna wina woti agone ndi mkazi wamasiyeyo, ati kuchotsa imfa. Ankakhulupirira kuti akapanda kutero, imfayo imatsala pathupi pa mkaziyo, n'kumayenda naye, n'kumadwalitsa abale a malemu mmodzimmodzi. Amayi aang'ono anakana. Anathawira kwa bambo chifukwa pamaliro pomwepo anawamva akuuza anzawo kuti mwambo umenewu ndi wachikunja ndiponso ndi umene ukufalitsa matenda.

Madzulo a tsiku lomwelo bambo aakulu, amene anali mkulu wa banja lonse kumudzi, anaimba foni. Bambo anayankhira pabalaza, ataimirira, mawu ali pamwamba kuti aliyense amve.

“Achimwene, ine ndinabatizidwa. Alamu afika kuno ndipo akhala kuno. Amene akuwafuna abwere adzawatenge m'manja mwangamu.”

Tsiku limenelo ndinawanyadira bambo anga kwambiri. Ndinkaona ngati m'Chilobwe monse mulibe mwamuna wolimba mtima ngati iwo.

Amayi aang'ono ankagona kuchipinda kwanga. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa manja ofewa. Mayi anga akamandiluka tsitsi ndinkalira ngati mbuzi yopita kumsika, koma amayi aang'ono ankandiluka ine n'kugona tulo pamwendo pawo. Ankadzuka m'mawa kukatunga madzi kukiyosiki, ankachapa, ndipo mchimwene wanga Yamikani, amene anali asanayambe kuyenda, ankakhalira kumsana kwawo tsiku lonse. Ndinawakonda msanga, ndipo sindinkabisa.

Polemekeza malemu, bambo analamula kuti m'nyumba musamveke nyimbo mpaka mwezi utatha. Wailesi anaitsekera m'wadiropu kuchipinda kwawo. Koma makalata a mpingo sadikira maliro, choncho madzulo ena ataweruka anayatsa kompyuta mwa nthawi zonse, masipika n'kuyakanso mwa chizolowezi, kungoti panalibe nyimbo. Dzuwa linali litangolowa kumene. Mayi anali panja pambaula, ine ndinali pansi ndi homuweki yanga. Ndinangomva kutayipa kwasiya.

“Ndani akulankhula?” anafunsa bambo.

Palibe amene ankalankhula. Anaimirira n'kupita pawindo, kuganiza kuti ndi anthu odutsa mumsewu. Mumsewu munalibe munthu. Kenako anaweramira sipika ija n'kugunditsa khutu. M'katimo munkamveka mawu a mwamuna, apansipansi, akutali. Mawuwo sankamveka kuti akuti chiyani, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe kake kanali kodziwika kwa aliyense wobadwira kwathu. Chinali Chisena.

Anaitana mayi. Mayi anamvetsera, n'kugwira pakamwa. Nthawi yomweyo amayi aang'ono analowa ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo bambo anathamangira kuzimitsa pakhoma. Bambo ndi mayi anawayang'ana amayi aang'onowo mmene anali asanawayang'anirepo.

“Ababa, imatero nthawi zonse,” ndinatero ine. “Ndimaimva ndikamapukuta.”

“Iwe, homuweki yatha?” anatero bambo osandiyang'ana.

Mayi anawonjezera kuti mwana wamakutu odzaza phula ngati ine sangamve kanthu, ndipo nkhani za akulu sindizo zanga. Ndinabwerera ku homuweki yanga ndili ndi mkwiyo. Kuyambira ndili wamng'ono sindipirira munthu akanditsutsa pa chinthu chimene ndachimva ndi makutu anga.

Mawa lake zinachitikanso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Bambo ankafika nthawi yofanana tsiku lililonse, n'kuyatsa, n'kumva mwamuna uja, n'kuzimitsa msangamsanga. Sankapirira kuti amvetsere nthawi yaitali. Dzina la a Zuze palibe analitchula, koma linali m'maso mwa aliyense.

Bambo ankadziona ngati munthu wophunzira, ndipo sanafune kugonja msanga. Loweruka anazula masipika aja n'kuwaika m'jumbo, ine n'kunyamula, tinakwera minibasi kupita ku Limbe kwa munthu wokonza mawailesi ndi makompyuta. Waya wautali uja tinausiya, poti unali wokhomerera kukhoma. Kashopu kake kanali kodzaza ndi ma TV otsegula kumbuyo, ndipo munkanunkha mtovu wosungunuka. Wokonzayo analumikiza masipikawo pakompyuta yake ndi kawaya kake kakafupi, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Kunali zii. Anaika nyimbo, inamveka bwinobwino. Anaizimitsa, kunalinso zii.

“Madala, masipikawa ali bho. Palibe chokonza apa.”

“Koma sangathe kulankhula okha?” anafunsa bambo, mawu atatsitsa.

Munthu uja anaseka. “Okha? Ayi madala. Awa amangolankhula zimene mwawapatsa.”

Bambo sanafotokoze zambiri, chifukwa mkulu wa mpingo sangaime m'shopu ku Limbe n'kumanena kuti akumva mawu a mng'ono wake amene anamuika m'manda. Tinakwera minibasi n'kubwerera kunyumba. Titafika analumikizanso masipika pa waya wawo uja, ndipo madzulo mwamuna uja analankhula ngati kale. Kwa bambo nkhani inathera pamenepo. Ku Limbe masipika ali chete, kunyumba kumene kuli mkazi wamasiye akulankhula.

Sabata yomweyo Yamikani anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. Kuchipatala anati ndi chifuwa, chimene chinali chitagwira ana ambiri nyengo yozizira imeneyo, n'kupereka mankhwala. Koma mayi anabwerako ali munthu wina. Anauza amayi aang'ono kuti apumule kaye kubereka mwana. Anawapatulira mbale yawo ndi kapu yawo. Pophika ankawalola kusenda ndi kudula, koma ikafika nthawi yothira mchere m'ndiwo ankaitana ine, chifukwa amati mchere wothira munthu amene sanayeretsedwe umadwalitsa odya. Zonsezi ankazichita mwaulemu, akumwetulira, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkandinyansa kwambiri. Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo pa mpanda kuti mlendo ndi mame, sayenera kufika masana.

Lachitatu madzulo bambo anaimbira foni bambo aakulu. Ulendo uno sanayankhulire pabalaza. Anapita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, osadziwa kuti ine ndili m'bafamo.

“Ndamva, achimwene,” ankatero motsitsa. “Mwana akudwala kuno. Loweruka ndibwera nawo.”

Atalowa m'nyumba anaitana amayi aang'ono n'kuwauza kuti apita nawo kumudzi kukakambirana chabe, kuti akuluakulu asamaone ngati anyozedwa. Amayi aang'ono anagwada, n'kuyankha kuti amva. Kuchipinda sanalire. Anakhala pamphasa n'kumapinda zovala zawo zochepazo, kuzipindulanso, n'kuzipindanso. Nditawafunsa ngati adzabwerenso, anati, “Madalo, kukambirana kwa kumudzi ndimakudziwa. Amakambirana atatseka kale chitseko.”

Sindinkadziwa bwinobwino chimene akawachite kumeneko, koma ndinkadziwa kuti ndi chimene anathawa, ndiponso kuti amene akuwabwezako ndi bambo anga omwe aja. Ndinali ndi mantha, ndinalinso ndi manyazi.

Mawa lake nditaweruka kusukulu ndinapeza mayi apita ndi Yamikani kuchipatala. Kuyatsa kompyuta popanda bambo unali mlandu wa chikwapu, koma tsiku limenelo sindinasamale. Ndinayatsa masipika, n'kukwera pampando, n'kugunditsa khutu pa ija ya pakabati. Kunong'ona kunalipo. Pofuna kuikokera pafupi, ndinagwira waya pamene bambo analumikiza ndi tepi, ndipo mawu aja anakwera pang'ono. Nditasiya anatsika. Ndinagwiranso, n'kufinya ndi zala zonse, n'kudikira. Sanali mwamuna. Anali mayi, ndipo ankalankhula Chichewa. Atamaliza kunalira kanyimbo kakafupi, ndipo kanyimbo kameneko mwana aliyense wa m'Malawi ankakadziwa. Kanali kamene kankalira pawailesi nkhani zisanayambe.

Wailesi yathu inali yokiyidwa, choncho ndinathamangira kwa aneba, amake Joyisi, kukabwereka yawo ya mabatire. Ndinawanamiza kuti aphunzitsi atituma kumvera pulogalamu. Ndinaiika pakabati n'kuyamba kupotokola pang'onopang'ono mpaka mawu a m'wailesi anakumana ndi mawu a m'sipika. Anali munthu mmodzi, akunena chinthu chimodzi, pa nthawi imodzi. Ndinaitana amayi aang'ono kuti adzamve. Anamvetsera nthawi yaitali, n'kungoti, “Oho.” Kenako anabwerera kukatsuka mbale.

Sindinazimitse kanthu. Ndinakhala pampando pomwepo kudikira chikwapu changa. Mayi anafika poyamba, koma asanayambe kukalipa bambo nawonso analowa. Anaona kompyuta ikuyaka, anaona wailesi ikulira m'nyumba ya maliro, ndipo dzanja lawo linapita palamba.

“Ababa, mundimenye, koma muyambe mwamvera,” ndinatero.

Mwayi wanga unali woti inali nthawi yawo ija ya tsiku lililonse. Pawailesi panali patangoyamba nkhani za m'Chisena, zimene ankaulutsa madzulo, ndipo wowerenga anali mwamuna wa mawu apansi. Ndinatsitsa wailesi mpaka kuzima, n'kufinya waya uja. Mwamunayo anapitiriza kulankhula m'sipika, chapatali. Ndinakwezanso wailesi, mawu n'kugwirizana. Bambo anandikankha pang'ono n'kuyesa okha, kuzimitsa ndi kuyatsa, kuzimitsa ndi kuyatsa. Kenako anazula waya wawo wautali n'kubwezerapo kakafupi kamene kanabwera ndi masipikawo. Kunali zii ngati ku Limbe.

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ikutuluka. Mayi nawonso anaseka, akupukusa mutu. M'bale wathu amene tinkamuopa uja anali kutiwerengera nkhani za mitengo ya thonje. Zaka zambiri pambuyo pake, munthu wina woyendetsa zokuzira mawu kutchalitchi anandiuza kuti waya wautali wosakutidwa bwino umatha kugwira ntchito ngati eriyo, n'kumakoka wailesi ya mphamvu imene ili pafupi. Sindinganame kuti ndinamvetsa zonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti mawuwo analipo kuyambira tsiku limene bambo anakhoma waya wawo, kungoti nyimbo za kwaya zinkawaphimba. Anamveka chifukwa cha kukhala chete kwa maliro.

“Alamu,” anatero bambo akupukuta m'maso, “ulendo uja palibenso. Inali wailesi.”

Amayi aang'ono anali ataima pakhomo la kukhitchini. Anawomba m'manja mwaulemu, koma sanaseke.

Ine ndinagona ndili ngwazi. Chikwapu sichinabwere, Loweruka linadutsa popanda ulendo, Yamikani anamaliza mankhwala ake n'kuchira. Mbale ndi kapu zija zinabwerera pakati pa zinzake popanda wonenapo kanthu, ndipo tsiku lina ndinamva mayi akuti, “Mayi aang'ono, tathirani mchere m'ndiwomo.” Ndinkaona kuti zonse zabwerera m'malo mwake, ndipo ndazibwezeretsa ndi ine.

Koma amayi aang'ono anayamba kumatuluka masana. Patapita masabata angapo, Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, anagwada pabalaza n'kunena kuti akutsanzika. Anali atapeza mayi wina wa kwathu ku Nsanje wokhala ku Manja, wogulitsa nsomba zouma pamsika, amene anavomera kukhala nawo ndi kuwaphunzitsa geni.

Bambo anadabwa zenizeni. “Alamu, nkhani ija si inatha? Tonse tinaona kuti inali wailesi. Kodi wina wakulankhulani zoipa?”

“Ayi alamu, palibe. Takhuta, zikomo kwambiri pondisunga.” Anapitiriza maso ali pansi. “Koma ulendo uno mwanayu wapeza wailesi. Tsiku lina m'nyumba muno mudzachitika china, ndipo wailesi yake sidzapezeka. Tsiku limenelo ine ndidzakhala ndani?”

Bambo, munthu amene ankatha kulalikira mpaka anthu kuiwala njala, anangoweramitsa mutu. Mayi anayang'ana kukhoma.

Ndinawaperekeza kusiteji nditasenza chikwama chawo, ndikulira ndi mkwiyo. Ndinawafunsa kuti nanga ine ndinavutikiranji, ndinaikiranji msana wanga pachikwapu, ngati akuchokabe. Anandipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

“Unandipulumutsa ku ulendo wa Loweruka uja, ndipo sindidzaiwala,” anatero. “Koma sindingakhale m'nyumba modalira kuti mwana azindipulumutsa.”

Minibasi inabwera, anakwera, ndipo ine ndinabwerera ndekha.

Kumudzi sanapiteko, ndipo mwambo uja sanauchite. Geni inawayanja pang'onopang'ono, kenako anakwatiwanso ndi munthu wa kumtima kwawo. Palibe wa m'banja mwathu amene anafa chifukwa cha iwo. Ndinkapita kukawaona ku Manja ndikatsekera sukulu, ndipo mpaka lero timayenderana. Kwathu ku Chilobwe ankabwera pa zikondwerero ndi pa maliro, ankapereka moni wonse woyenera kwa alamu awo, koma sanagonenso m'nyumba mwathu ngakhale tsiku limodzi.

Bambo anga sanali munthu woipa. Nkhaniyi ankakonda kuifotokozera alendo mpaka ukalamba wawo, ndipo ankaifotokoza mokoma, akudziseka okha: za waya, za ulendo wa ku Limbe, za mwana wamakani ndi wailesi yobwereka. Nthawi zonse ankaithera pamene anakhala pansi ndi kuseka. Za pabalaza Lamulungu lija sindinawamvepo akuzitchula, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa choti zinkawapweteka.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi loti munthu uzifufuza usanaope. Limenelo ndi loona, koma ndi laling'ono. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ukapeza choonadi n'kuchiika patebulo, zonse zimakonzeka. Tsopano ndine mayi wa nyumba yanga, ndasungapo anthu othawa mavuto, ndipo ndaona mmene mtima umasinthira mwana wako akatentha thupi. Kukana choipa zinthu zili bwino, ana akusewera pabwalo, aliyense angathe. Munthu amadziwika m'masiku amene chinthu chikulira m'nyumba ndipo palibe akudziwa kuti n'chiyani. Amayi aang'ono anatiwona m'masiku amenewo. Ine ndinatha kuwasonyeza kumene mawu ankachokera, koma sindikanatha kuwaiwalitsa kuti mantha atafika, munthu woyamba amene tinaganiza zomupereka anali iwo.